Thole Limene Ndinapatsa Elia

Ana anga, mwakhala mukundifunsa ngati n'zoona kuti kukhala ndi m'bale wophunzitsa ku yunivesite kumathandiza mwana kusankhidwa. Mumafunsa ine chifukwa mng'ono wanga Elia, bambo anu aang'ono, aphunzitsa kumeneko moyo wawo wonse, ndiponso chifukwa cha thole lija limene ena mwa inu mumangolimva m'nkhani za anthu. Nthawi zonse ndakhala ndikuyankha mozemba. Pano ndilemba monga ndinazionera, ndipo ndiyambira ku dibi, pakuti maganizo amene anandisokeretsa ndinawatola ku ntchito.

M'ma 1970: dibi loyamba, kwa Mlonyeni

Ndinalembedwa ntchito ndili ndi ndevu kale. Sukulu ndinaiyamba mawu atayamba kusintha, chifukwa ubwana wanga unathera kuubusa wa ng'ombe za amalume, moti pofika sitandade 8 ana a m'kalasi ankanditcha achimwene a aphunzitsi. Ku sekondale sindinapiteko. Ntchito ndinaipeza chifukwa amalume ankadziwana ndi aChirwa, alangizi a ziweto a dera lathu, ndipo tsiku lina anawauza kuti mwana wa mlongo wawo amadziwa ng'ombe kuposa anthu. Panali anyamata ena amene anafika fomu 2 ndipo ankafunanso ntchitoyo, koma majombo ndi ovololo anapatsidwa kwa ine. Sindinaone cholakwika. Ndinangoona kuti ndi momwe zinthu zimayendera.

Adzukulu amene simunaone dibi likugwira ntchito, dziwani kuti ndi dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi osakaniza ndi mankhwala opha nkhupakupa. Ng'ombe zimalowa m'mpanda wopapatiza, n'kudumphiramo imodziimodzi, n'kusambira mpaka kutsidya. Ntchito yanga inali kuyeza mankhwala, kutakasa madzi, ndi kuonetsetsa kuti ng'ombe iliyonse yamira ndi mutu womwe, chifukwa nkhupakupa zoopsa zimabisala m'makutu. Eni ng'ombe ena ankabisa zabere ndi ana ang'ono poopa kuti ziphedwa ndi mankhwala, ndiye ndinkayenda m'makola kukakambirana nawo. Tsiku la dibi linali ngati la msika: fumbi, zikwapu, kulira kwa ng'ombe, ndi amayi ogulitsa thobwa patsinde pa mtengo. Ndinkabwerera kunyumba ndikununkha mankhwala, koma mtima uli mbee.

AChirwa anali munthu wa kumpoto, wamfupi, woyenda pa njinga yamoto, wosakonda kuseka pa ntchito. Tsiku lina mankhwala atatha ananditenga kupita ku sitolo ya ofesi yathu ku boma. Woyang'anira sitoloyo sanadzutse n'komwe mutu, anangoti kulibe. Ine ndinatembenuka kuti tizipita, koma aChirwa anakhala pa mgolo wopanda kanthu n'kuyamba kufunsa za mwendo wa amayi ake a munthuyo, za mvula ya kwawo, za mwana wake amene anali kudwala chikuku. Anacheza mpaka dzuwa linapendeka. Kenaka munthu uja anadzuka, nalowa m'kachipinda kam'kati, n'kutuluka ndi zigubu ziwiri. Tili m'njira aChirwa anaimitsa njinga n'kundiuza kuti, "Yotamu, ukamva kuti kulibe usamathamange. Uzikhala pansi. Munthu woyamba n'kuvomera ndi wopanda chopereka." Mawu amenewo ndinawasunga ngati lamulo, ndipo kwa zaka zambiri sanandinamize.

M'ma 1980 ndi m'ma 1990: kufupi ndi malire

Nditakwatira amayi anu anandisamutsira ku dibi lina la kufupi ndi malire a Zambia, kumene ndinakhala mpaka kupuma ntchito. Kumeneko mavuto anali ena. Ng'ombe zinkadutsa m'njira zam'tchire popanda chilolezo, zina zogulidwa, zina za malowolo, zina zongobwera kudzadya msipu kwa abale a tsidya lino, ndipo zinkabwera ndi matenda awo. Mabwana anasinthana ambiri. Wina ankafuna malipoti okha ndipo dibi sanalionepo, wina anali wabwino koma anamwalira msanga. Mankhwala anayamba kusowa chaka ndi chaka, njinga yanga ya boma inatha matayala, ndipo kalata zopempha zinthu zinkapita osabwerera. Chimene chinkagwira ntchito ndi chija anandiphunzitsa aChirwa. Simenti yokonzera ming'alu ya dibi ndinaipeza kudzera mwa mlamu wa kalaliki. Tchuthi changa chinavomerezedwa chifukwa ndinathandiza ng'ombe ya apongozi a bwana kubereka. Pambuyo pake boma linati madibi aziyendetsedwa ndi makomiti a alimi, aliyense azisonkha kogulira mankhwala. Alimi ambiri analeka kubwera, madibi ena anasanduka mokhala achule, ndipo langa linkangoti lero latseguka, mwezi wamawa latsekedwa.

M'zaka zomwezo Elia ankakwera. Iye ndi chitsirizira m'mimba mwa amayi athu. Pakati pa ine ndi iye pali mlongo wathu Esinati, azakhali anu, amene sanaponde m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Elia tinamuphunzitsa awiri, ine ndi malipiro a ku dibi, Esinati ndi fodya wa m'munda mwake. Ndinganene kuti Esinati anavutika kuposa ine, chifukwa ine malipiro ankandipeza ndili chikhalire, pamene iye ankasoka fodya mpaka zala kuchita zilonda. Elia anapita ku yunivesite, kenaka kunja, ndipo atabwerako anamulemba ntchito yophunzitsa za nthaka pa yunivesite ina ya boma, kutali ndi kwathu. M'mudzi monse munalibe wina wofika pamenepo. Akabwera pa Khirisimasi ankafikira kwa Esinati, monga mwambo ulili, pakuti pamenepo ndiye pamudzi pa amayi athu, ndipo ana a Esinati ndiwo mbumba yake.

Kumayambiriro kwa m'ma 2000: ulendo wa kwa Elia

Iwe Edina, mwana wanga woyamba, utakhoza bwino mayeso a fomu 4 n'kulembanso mayeso olowera ku yunivesite, ine tulo tinandithawa. Ndinkadziwa kuti okhoza ndi ambiri ndipo malo ndi ochepa. Ndinaona kuti kungokhala n'kumadikira ndi uchitsiru pamene mng'ono wanga weniweni ali m'kati momwemo. Ndinapempha tchuthi, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, kenaka basi yaikulu, nditanyamula mtedza ndi nkhuku yamoyo m'dengu.

Elia anandilandira bwino. Titadya ndinamufotokozera chimene ndadzera. Anandiyankha kuti, "Achimwene, ine mayina a osankhidwa ndimawamva tsiku limene inunso mumawamva. Osankha ndi ena, ndipo amayang'ana momwe mwana wakhozera, sayang'ana kuti ndi wa ndani. Ine ndimangophunzitsa amene afika pakhomo pa kalasi yanga." Analankhula momveka, sanabise mawu. Koma ine ndinali munthu wa ku sitolo ya boma. Ndinamva kuti kulibe, ndiye ndinakhala pansi. Ndinafunsa za umoyo wa mlamu wanga, ndinayamikira maluwa a pabwalo, ndinakhala masiku angapo osatchulanso nkhaniyo. Pondiperekeza ku basi Elia anandipatsa bulangete ndi sutikesi, nati zimenezi ndi za Edina, mwina adzazifuna. Iye ankangonena za chiyembekezo, poti ankadziwa mutu wa mwanayo. Ine ndinaona ngati ndi zigubu ziwiri zija zikutuluka m'kachipinda kam'kati. Ndinafika kunyumba n'kuuza amayi anu kuti zatheka, koma asauze munthu.

Tsiku limene mayina ankawerengedwa pa wailesi ndinali ku dibi, wailesi nditaipachika pa mpanda. Dzina la Edina litatchulidwa ndinasiya ng'ombe za eni zili m'mpanda n'kuthamanga ndi majombo mpaka kunyumba. M'chimwemwe chonsecho mtima wanga sunapite kwa mwana amene anawerenga mpaka maso kufiira. Unapita kwa Elia.

Chilimwe cha chiliza cha amayi

Chaka chomwecho tinamanga chiliza pa manda a amayi athu. Abale anabwera ambiri, ena ochokera tsidya la Chipata, ndipo Elia anafika ndi galimoto lake. Kwathu kuthokoza sikuchitikira kuseri. Munthu akakuchitira chachikulu umamuthokoza pamaso pa mboni, kuti ngakhale iwe utafa ana ako adziwe kumene kunachokera ubwino. Choncho anthu atadya, tili pabwalo pa Esinati, ndinatulutsa thole lalikazi, lofiira, labwino kuposa onse a m'khola mwanga, n'kuima nalo pakati. Ndinanena kuti ine ndine munthu wosaphunzira kwenikweni, koma Mulungu anandipatsa mng'ono amene sanaiwale kwawo, ndipo lero mwana wanga walowa pakhomo limene ine sindikanatha kugogoda. Ndinati tholeli ndi la Elia.

Elia anaimirira nkhope itasintha. Anati, "Achimwene, ine sindinachite chilichonse. Mwanayu wadzilowetsa yekha." Anthu anaseka mokondwa, azimayi anaimba nthungululu, ndipo wina anati kudzichepetsa kwa anthu ophunzira n'kumeneko. Mayi wina wachikulire wa kuchimuna kwathu anatenga chingwe m'manja mwanga n'kuchiika m'manja mwa Elia, namuuza kuti mphatso ya mkulu wako sukana pagulu. Elia anayang'ana ine, anayang'ana anthu, ndipo anagwira chingwecho. Sakanachitira mwina popanda kundichititsa manyazi pa tsiku la amayi athu. Poti amakhala m'tauni, tinagwirizana kuti thole likhalebe m'khola mwanga, koma m'dzina lake. Kuyambira tsikulo mudzi wonse unkalitcha ng'ombe ya Elia.

Edina sanaoneke pabwalo madzulo onsewo, ndipo ndinkayesa ndi manyazi a atsikana. Pomuperekeza pa siteji tsiku lopita ku sukulu ndi pamene anandifunsa, osandiyang'ana, ngati mafuta onse a nyale amene anatha powerenga anali ongotaya. Ndinamuyankha kuti asalankhule zachibwana. Minibasi inanyamuka, ndipo funsolo linatsala ndi ine.

Zaka zimene Elia sanabwere

Patapita zaka ziwiri, Lameki, mwana wamwamuna wa Esinati, analemba mayeso omwewo. Anali mnyamata wanzeru, anakhoza ndithu, koma dzina lake silinatchulidwe. Esinati anali atapita kale kwa Elia mayina asanatuluke, atanyamula ufa ndi nkhuku, ulendo wake woyamba kudutsa Lilongwe. Elia anamuuza mawu omwe aja anandiuza ine. Esinati anabwerako ali ndi chikhulupiriro, chifukwa ine ndinali nditamuuza kuti Elia amayamba ndi kukana.

Mayina atatuluka, Esinati anandipeza ku dibi tsiku losambitsa ng'ombe, anthu ali pomwepo. Sanakuwe. Anandiitanira pambali n'kundipempha kuti ndimubwereke ng'ombe imodzi, adzabweza fodya akagulitsa. Nditafunsa kuti ya chiyani, anati, "Achimwene, ine ndinapita ndi nkhuku, inu munapereka thole. Ndaona pamene ndinalakwitsa." Ndinayesa kumuuza kuti sizili choncho, koma anandidula. "Edina ndi mwana wa kwa eni, kwawo n'kwa amake. Lameki ndiye mbumba ya Elia. Wa kwa eni walowa, wa m'mimba mwa mlongo wake watsala panja. Ndiye mundiuze kuti chasiyanitsa n'chiyani ngati si ng'ombe." Pamene ankanena zimenezi ng'ombe ya Elia inali ikutuluka m'dibi, madzi akuyoyoka, kamwana kake kakuitsatira. Ndinamuuza kuti ndilankhula ndi Elia. Sindinalankhule naye.

Lameki anayesanso chaka chotsatira, osatheka. Pamenepo Esinati anatumiza mawu kwa Elia kuti asadzapondenso pakhomo pake, ndipo ngakhale pa maliro ake asadzavutike ndi mafuta a galimoto. Elia analemba kalata yofotokoza, koma Esinati anaibweza yosatsegula. Khirisimasi inadutsa, ina inadutsa, galimoto lija silinaonekenso m'mudzi.

Ndiyenera kulemba zimene zinkachitika ku ntchito nthawi yomweyo, chifukwa n'zimene zinanditseka pakamwa. Dibi langa linadzuka. Alimi amene anali ndi ana ku sekondale anayamba kubweretsa ng'ombe zawo mokhulupirika, kusonkha za mankhwala osakakamizidwa, ngakhale kubwera kudzalambula udzu. Akamachoka ankanditchulira dzina la mwana wawo ndi fomu imene ali, ngati akungocheza. Ine sindinalonjeze munthu kanthu, koma sindinakanenso. Ndinkangoti tiona Mulungu akalola. Matenda a nkhupakupa anachepa m'dera langa, ana a ng'ombe anasiya kufa, ndipo bwana wathu wa nthawi imeneyo, mayi Zulu, ananditchula pa msonkhano ku boma kuti ena atengere chitsanzo. Munthu amene anzake a m'kalasi ankamuseka, tsopano ankapatsidwa mpando wakutsogolo. Ndinkadziuza kuti ng'ombe zikupulumuka, ndipo zinali zoona. Koma ndinkadziwanso kuti mtengo wake akulipira ndi Elia, amene sankatha kukaona manda a amake.

Tsiku la ku butchala ya Che Saidi

Ku boma kunali mnzanga Che Saidi, Msilamu wogulitsa nyama, amene tinadziwana chifukwa cha zilolezo zoyendetsera ng'ombe. Tsiku lina ananditumizira uthenga kuti ndifike msanga. Ndinapeza Elia atakhala pa benchi kuseri kwa butchala. Anali atabwera ndi ophunzira ake kudzaona nthaka ya m'minda ina, ndipo kumudzi sakanatha kufika. Anali atayamba imvi. Tinapatsana moni ngati alendo.

Sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero. Anati kuntchito kwake munthu wolowetsa m'bale mwachinyengo amachotsedwa ntchito, ndipo iye wakhala zaka zonsezi akusamala dzina lake, koma kwawo kwenikweni amadziwika ngati wakuba, ndiponso wakuba wosankha. "Munandiveka umbava ndi nthungululu, achimwene," anatero. "Ndipo Edina munamulanda chake." Ndinamufunsa, poti ndinkafunabe pothawira, ngati panalibedi kanthu kakang'ono kamene anachita. Anati chilipo, koma si chimene ine ndinathokoza. Edina ankapita kwa iye pa tchuthi chilichonse kuyambira fomu 1. Ankawerenga pa magetsi, ankagwiritsa ntchito mabuku a m'nyumbamo, ankamva Chingerezi patebulo, anaona ndi maso ake atsikana akulowa m'makalasi a yunivesite. Pa nthawi yosankha maphunziro, Elia anamulangiza kuti asathamangire kumene aliyense akuthamangira. Lameki sanapiteko ngakhale kamodzi, chifukwa tchuthi chinkagwa pa nthawi ya ntchito ya fodya ndipo amake ankamufuna kumunda. "Ndinamuitana kamodzi, alongo anati chaka chamawa, ine osaumirira," anatero Elia. "Pamenepo ndiye pali mlandu wanga. Koma sindingaupepese, chifukwa akundiimba mlandu wina."

Che Saidi, amene ankamva zonse akunola mpeni, anati njira yachidule ilipo: timugulitse ng'ombeyo, aiphe, tonse tidye umboni. Tinaseka pang'ono. Kenaka anapukuta manja n'kundiuza kuti, "AYotamu, chingwe munachipereka pagulu. Simungachilandire kuseri kwa butchala."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa chochita, koma ndinazengereza mpaka tinakolola. Kulanda mphatso imene unapereka pamaso pa anthu ndi chinthu chimene ngakhale mwana amachita nacho manyazi. Amayi anu anandichenjeza kuti anthu adzati ndapenga kapena ndasauka, ndipo komiti ya dibi idzabalalika. Anawonjeza kuti ngakhale zili choncho, iwo atopa kuona mwana wawo akubwera pa tchuthi n'kumadutsa khola osayang'anako.

Chaka chotsatira: pabwalo pa Esinati

Ndinayenda ndekha kuitana onse amene analipo tsiku la chiliza, amene anali moyo ndi otha kuyenda. Esinati anavomera kuti tikumane pabwalo pake poganiza kuti ndi nkhani ya munda. Ndinafika ndikukusa ng'ombe ija ndi ana ake. Nditaima pamalo pomwe paja, mawu amene ndinakonza anandithawa, ndiye ndinangonena mwachidule. Ndinati Elia anandiuza kuyambira pachiyambi kuti alibe mphamvu pa kasankhidwe, ine osamva chifukwa ndinazolowera njira za ku ntchito kwanga. Ndinati Edina analowa ndi mutu wake, ndipo thole ndinathokozera chinthu chimene sichinachitike, choncho ndikulitenganso, ndipo kuyambira lero pasapezeke wonena kuti ng'ombe ya Elia.

Panalibe nthungululu. Mkulu wina anafunsa ngati ndamwa. Wina anati chikhalire sanaonepo mphatso ikubwerera ili ndi ana. Ena anayamba kunyamuka mmodzimmodzi. Esinati anakhala pamphasa akutongola chimanga, osadzutsa mutu, mpaka anthu atachepa. Kenaka anandifunsa ngati ndinkadziwa zimenezi tsiku lija anabwera ku dibi kudzabwereka ng'ombe. Ndinati ndinkakayika. Anafunsa ngati ndinkadziwa pamene ankabweza kalata ya Elia. Ndinati ndinkadziwa. Nkhani imeneyo mpaka lero sanaitchulenso. Anangofunsa funso lina, ngati akudzifunsa yekha: "Nanga ngati Elia sangatsegulire mwana wanga chitseko, ine zala ndinazithera chiyani?" Ndinamuuza zimene Elia ananena ku butchala, za tchuthi, za mabuku, za kuitana kumene sanaumirire. Anapitiriza kutongola.

Zimene amayi anu ananena zinachitika. Alimi aja anayamba kuchepa, zosonkha zinasiya kubwera, ndipo pamene ndinkapuma ntchito dibi linali litauma, mbuzi zikugonamo. Mayi Zulu anandifunsa chimene chasintha, ndipo ndinawauza kuti anthu atopa. Ng'ombe zija ndinafuna kumupatsa Lameki kuti ayambire moyo, koma anakana mwaulemu, nati amalume, zisungeni, ine ndapeza kochita. Lero amagwira ntchito ku chipata cha malire, kuthandiza oyendetsa malole ndi mapepala a katundu. Ali ndi banja, ali ndi nyumba ya malata. Tikakumana amavula chipewa n'kundifunsa za miyendo yanga, koma m'nyumba mwanga sanalowemo. Sindikudziwa ngati akanasankhidwa akanakhala kuti ankapita kwa Elia pa tchuthi. Palibe angadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka zimene ankayenera kufufuza sukulu zina, za uphunzitsi kapena za ulimi, anazitha akudikira kuti amalume ake Elia afewe mtima, ndipo amene anamuphunzitsa kudikira ndine.

Ndiye mukandifunsa ngati m'bale wa ku yunivesite amathandiza, yankho langa ndi lakuti pa tsiku losankha Elia sanathandize aliyense, ndipo sakanatha. Za anthu ena ndi malo ena sindingalumbire, ndikunena za mng'ono wanga. Koma mwana amene wakulira pafupi ndi munthu wotere amafika pa tsikulo atayenda kale theka la ulendo, ndipo zimenezi sizioneka, n'chifukwa chake palibe amene amaziperekera thole. Esinati analakwitsa mlandu, koma sanalakwitse kuti panali kusiyana.

Dzinja lotsatira

Elia sanabwere msanga. Esinati sanatumize mawu oti abwere, ndipo sanabwerezenso oti asabwere. Ine ndinkangopita kukakhala pakhonde pake masabata ena, tikukamba za mvula. Tsiku lina, fodya ali m'munda, anandiuza kuti ndimuimbire foni Elia kuti denga la nyumba ya amayi likudontha, ndipo mwini mbumba adzaone yekha. Denga linkadonthadi, koma linali litadontha zaka zambiri.

Elia anafika Loweruka masana. Ine ndinali pomwepo. Esinati anatuluka, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti wakalamba. Elia anati nawonso akalamba. Anamupatsa madzi, anamuyalira mphasa, ndipo anakamba za denga, za maliro amene anachitika iye kulibe, za mtengo wa feteleza. Za yunivesite sanatchule. Elia anapita kumanda yekha, nakhalako nthawi yaitali.

Mawa lake akukonzeka kunyamuka, Esinati anatuluka m'nyumba atagwira dzanja la Rute, mwana wake wotsiriza, amene anali atangoyamba fomu 1 pa sukulu yoyendera ya pafupi. Mtsikanayo anali atavala diresi la kutchalitchi, atanyamula chikwama. Inali nthawi ya tchuthi, imenenso ntchito ya fodya imafuna dzanja lililonse, ndipo Esinati analibe wina womuthandiza pakhomo. Anatsegula yekha chitseko chakumbuyo cha galimoto, n'kumulowetsa mwanayo.

Elia anati, "Alongo, mukudziwa kuti sindingamulonjeze malo."

"Ndamva kale zimenezo," anatero Esinati. "Sindikukupempha malo. Akagone kumene kuli magetsi. Fodya ndithyola ndekha."

Anatseka chitseko, natenga khasu lake, n'kulowera kumunda galimoto lisananyamuke.